Makina a M'nyumba ndi Makina a M'fakitale Akafuna Kumvana

Magetsi akazima pachipatala chachikulu, pamakhala ntchito yambiri yoti ichitike munthu asanadzuke n'komwe pampando. Jenereta iyenera kulira, ifike pa liwiro lake, kenako chosinthira magetsi chichotse nyumbayo pa nthambo za kunja n'kuipereka ku jenereta. Komatu jenereta singasenze katundu yense nthawi imodzi. Chipinda cha opaleshoni ndi mafiriji a magazi ndi katemera ndizo zoyamba kulandira magetsi, zikepe zibwere pambuyo, ndipo makina oziziritsa maofesi adikire. Kuti dongosolo limeneli litheke, kompyuta yoyang'anira mpweya ndi nyale za m'nyumbamo iyenera kudziwa zimene jenereta ikuchita. Yalira kodi? Yasenza katundu wochuluka bwanji? Mafuta atsala ochuluka motani mu thanki?

Nkhani imeneyi si yakutali ndi ife. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko la Malawi n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, anthu a ku Zambia n'kumakhala maola ambirimbiri tsiku lililonse opanda magetsi. Nthawi ngati zimenezo zipatala, mabanki, mahotela ndi mafakitale zimadalira majenereta ndi sola, ndipo lita iliyonse ya dizilo imawerengedwa. Nyumba imene makina ake amamvana imadziwa chozimitsa ndi chosiya. Imene makina ake samvana imadikira munthu athamange ndi tochi kukaona.

M'nkhani ino tiona mmene makina oyang'anira nyumba amalumikizidwira ku makina a mtundu wa m'fakitale. Tiona kuti kukoka waya ndi gawo lopepuka la ntchitoyi. Nkhani yagona pa zinthu ziwiri: kugwirizana tanthauzo la manambala amene akudutsa mu wayayo, ndi kugwirizana kuti mwini mawu omaliza ndani.

Mabanja awiri obadwira kosiyana

Banja loyamba linayambira m'kalasi. Warren Johnson anali mphunzitsi ku Whitewater, m'chigawo cha Wisconsin ku America, kumene nyengo yozizira imakhala yoopsa. Anapanga kachipangizo koyeza kutentha kwa chipinda komwe kankaliza belu kuti woyang'anira moto wotenthetsa sukulu awonjezere kapena achepetse. Analembetsa luso lakelo ku boma mu 1883, ndipo mu 1885 anayambitsa kampani ku Milwaukee imene lero imatchedwa Johnson Controls. Mu 1902 Willis Carrier anakonza makina ochepetsa chinyezi pa fakitale ina yosindikiza ku Brooklyn, kumene mapepala ankafufuma ndi kufota, mitundu ya inki n'kumaphonyana. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, nyumba zikuluzikulu zinkatsegula ndi kutseka mavalavu pogwiritsa ntchito mpweya wopopedwa m'timapaipi. Cha m'ma 1980 makompyuta ang'onoang'ono analowa m'malo mwa timapaipito. Dongosolo lonse la makompyuta amenewa, loyang'anira kutentha, mpweya, nyale ndi madzi kuchokera pa sikirini imodzi, amisiri amalitchula mwachidule kuti BMS.

Banja lachiwiri linabadwira m'fakitale ya magalimoto. Kale mzere wopangira galimoto unkayendetsedwa ndi maswichi amagetsi zikwizikwi odzaza makabati. Mtundu wa galimoto ukasintha, amisiri ankamasula mawaya n'kumanganso, fakitale itaima. Mu 1968 kampani ya General Motors inapempha kuti papezeke chipangizo chimene ntchito yake ingasinthidwe polemba pulogalamu, osakhudza waya. Gulu la Dick Morley ku Bedford Associates, m'chigawo cha Massachusetts, linayankha ndi makina otchedwa Modicon 084. Umu ndi mmene inabadwira PLC, kompyuta yolimba yopirira fumbi, kutentha ndi kugwedezeka. PLC imachita chinthu chimodzi mobwerezabwereza: imaona zimene zoyezera zake zikunena, imatsata pulogalamu, imayatsa kapena kuzimitsa zoyenera, n'kuyambiranso, maulendo ambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mabanja awiriwa ali ndi mitima yosiyana. BMS ndi yofatsa, chifukwa chipinda sichitentha m'kuphethira kwa diso. Ikamva za kutentha patapita masekondi khumi palibe chalakwika. Imasamala za ndandanda: ofesi iyi imatsegulidwa 7 koloko, holo iyo imagwira ntchito Loweruka lokha. PLC ndi yachangu ndiponso yosanyengerera, chifukwa makina amene imasunga akachedwa kuima pang'ono chabe amapsa, kapena amavulaza munthu.

Akanakhala kutalikutali, bwenzi palibe nkhani. Koma m'nyumba yaikulu iliyonse muli kafakitale kobisika, kawirikawiri pansi kapena padenga: jenereta, boila, makina aakulu oziziritsa madzi otchedwa chiller, mapampu, mamita a magetsi, zosinthira magetsi a sola. Zonsezi zimabwera ndi ubongo wa mtundu wa m'fakitale. Nawonso mafakitale a mankhwala ndi a zakudya amafuna kuti mpweya wa m'chipinda uzitsata zimene makina opangira katundu akuchita.

Njira yakale yowalumikizira inali ya waya wapawokha pa uthenga uliwonse. Mawaya awiri ankanena kuti jenereta ikuyenda, ena awiri kuti yawonongeka, ena awiri kuchuluka kwa mafuta. Muyezo unkatumizidwa ngati mphamvu ya magetsi yoyambira pa 4 kufika pa 20 mA, ndipo anayambira dala pa 4 kuti waya akaduka n'kuoneka 0, aliyense adziwe kuti chavuta ndi waya, osati kuti thanki yauma. Njira imeneyi ndi yodalirika ndipo ikadalipo. Koma jenereta yamakono imadziwa zinthu mazanamazana zokhudza iyo yomwe, ndipo palibe amene angakoke mawaya mazanamazana. Panafunika kuti mauthenga onse adutse mu waya mmodzi motsatizana. Malamulo a kadutsidwe kameneka ndi amene amatchedwa protocol. Amanena njira yodutsamo uthenga, woyamba kulankhula, kasanjidwe ka uthengawo, ndi mmene wolandira angadziwire kuti wafika wathunthu.

Modbus: manambala opanda mayina

Mu 1979 kampani ya Modicon inatulutsa protocol ya ma PLC ake yotchedwa Modbus. Inali yosavuta kuimva, ndipo makampani ena ankaigwiritsa ntchito osalipira kanthu, choncho inafalikira paliponse. Modicon tsopano ili m'manja mwa Schneider Electric, imene mu 2004 inapereka Modbus ku bungwe loima palokha. Lero mukatsegula kabati ya jenereta, mita ya magetsi ya fakitale kapena chosinthira liwiro la mota, kawirikawiri mupezamo polumikizira Modbus.

Mtundu wake wofala umayenda pa mawaya awiri opotana, motsata muyezo wotchedwa RS-485. Waya amachoka pa chipangizo choyamba kupita pa chachiwiri, kuchoka apo kupita pa chachitatu, ndipo angatalike mpaka mamita pafupifupi 1,200. Chipangizo chilichonse chimapatsidwa nambala yake, kuyambira 1 mpaka 247. Pa waya wonsewo wofunsa amakhala mmodzi yekha. Ena onse amakhala chete mpaka atatchulidwa.

Tiyeni tiuone pafupi uthenga umodzi. Mauthenga a makompyuta amayezedwa m'tizigawo totchedwa ma byte, ndipo byte imodzi imasunga nambala yoyambira pa 0 kufika pa 255. Funso lowerenga la Modbus lili ndi ma byte 8 basi. Yoyamba ndi nambala ya chipangizo chofunsidwa, tinene kuti 5. Yachiwiri ndi ntchito yofunika. 3 amatanthauza kuwerenga. Ziwiri zotsatira zikutchula kabokosi koyambira kuwerenga, tinene ka 100, ndipo zina ziwiri zikunena kuchuluka kwa timabokosi tofunika. Ziwiri zomaliza ndi chiphaso cha masamu chowerengedwa kuchokera pa ma byte ena onsewo; wolandira amabwereza masamuwo, ndipo yankho likasiyana amadziwa kuti uthenga wawonongeka panjira n'kuutaya. Timabokosi timeneti amisiri amati ma register, ndipo kalikonse kamasunga nambala yoyambira pa 0 kufika pa 65535.

Chipangizo nambala 5 chimayankha, tinene kuti, 2304. Kodi 2304 ndi chiyani? Angakhale ma volt 230.4. Angakhale madigiri 23.04. Angakhalenso maola 2,304 amene injini yayenda chiigulire. Mu uthengamo mulibe chilichonse chonena. Tanthauzo lili m'kabuku ka wopanga chipangizocho, pa ndandanda yosonyeza kuti kabokosi kakuti kamasunga chakuti, ndipo nambala yake igawidwe ndi 10 kapena 100. Kabukuko kakasowa, makina amayankhabe mokhulupirika funso lililonse, koma palibe wodziwa chimene akunena.

Mu 1999 panabwera Modbus TCP, yoyenda pa netiweki wamba ya makompyuta. Liwiro linakwera kwambiri, koma manambala anakhalabe opanda mayina. M'mafakitale mulinso ma protocol ena amphamvu, monga Profibus ndi Profinet amene amayenda kwambiri ndi makina a Siemens, ndi EtherNet/IP ya makina a Allen-Bradley. Koma pamene makina a makampani osiyana afuna pokumanira, nthawi zambiri amakumanira pa Modbus.

BACnet: chinthu chilichonse ndi dzina lake

Ku mbali ya nyumba vuto linali lina. M'zaka za m'ma 1980 kampani iliyonse yogulitsa BMS inali ndi protocol yake yachinsinsi. Mwini nyumba akagula kwa kampani imodzi, ndiye kuti wamangidwa: chilichonse chowonjezera ankagula komweko, pa mtengo umene iwo anena. Mmodzi mwa anthu amene izi zinawatopetsa anali H. Michael Newman, yemwe ankayang'anira makompyuta a nyumba zambirimbiri za yunivesite ya Cornell ku Ithaca, m'chigawo cha New York. Bungwe la mainjiniya a zotenthetsa ndi zoziziritsa la ASHRAE linakhazikitsa komiti, Newman n'kukhala wapampando, ndipo inakumana koyamba ku Nashville mu Juni 1987. Kugwirizanitsa makampani olimbirana msika sikunali kwamasewera. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa 8. BACnet inavomerezedwa mu 1995, ndipo mu 2003 inakhala muyezo wa dziko lonse lapansi wotchedwa ISO 16484-5.

Nzeru ya BACnet ndi yoti nambala isamayende yokha. Choyezera kutentha chimaonekera pa netiweki chili ndi dzina, monga lakuti ndi cha chipinda cha opaleshoni chachiwiri. Chili ndi muyezo wa nthawi imeneyo, monga 21.5, chimanena kuti amenewa ndi madigiri, chilinso ndi zizindikiro zosonyeza ngati chili pa alamu, ngati chawonongeka, kapena ngati mmisiri wachichotsa pa ntchito. Ndandanda ya nthawi, kalendala ya masiku a tchuthi ndi kaundula wa miyezo yakale zili ndi kasanjidwe kake kodziwika, kofanana kwa makampani onse.

Zipangizo za BACnet zimathanso kudzidziwitsa. Kompyuta yatsopano ikalowa pa netiweki imatumiza uthenga wotchedwa Who-Is, wofunsa kuti pano pali ndani, ndipo chipangizo chilichonse chimayankha ndi I-Am, kutchula nambala yake. Sipafunikanso kufunsafunsa chinthu chomwechomwecho: kompyuta ingapemphe choyezera kuti chiziiuza chokha muyezo ukasintha ndi theka la digiri.

Chinthu china chofunika kuchigwira bwino ndi makwerero a ulamuliro. Fani kapena valavu iliyonse yolamulidwa pa BACnet ili ndi mipando 16 ya olamula. Mpando woyamba ndi wachiwiri ndi ya zopulumutsa moyo, monga pa ngozi ya moto. Wachisanu ndi woteteza makina ofunika kwambiri. Wa nambala 8 ndi wa munthu woyang'anira akalamula ndi dzanja pa sikirini. Mapulogalamu a tsiku ndi tsiku amakhala m'munsi. Fani imamvera lamulo la pampando wapamwamba kwambiri umene uli ndi mawu, ndipo wolamulayo akachotsa lamulo lake, imabwerera kwa wotsatira. BACnet si yokhayo m'nyumba: ku Ulaya kuli KNX, nyale zambiri zimayendera DALI, ndipo mamita a madzi ndi kutentha amayendera M-Bus. Koma pa makina a mpweya m'nyumba zazikulu, BACnet ndiyo yafala kwambiri.

Womasulira pakati

Tsono mbali imodzi ili ndi manambala opanda mayina, ina ikuyembekeza mayina, miyezo ndi zizindikiro. Pakati pamaikidwa kabokosi kotchedwa gateway, kamene ntchito yake ndi kumasulira. Mbali ya fakitale, gateway imakhala wofunsa wa Modbus: imazungulira zipangizo chimodzichimodzi, kufunsa, kusunga mayankho. Mbali ya nyumba, imadzionetsa ngati chipangizo cha BACnet chokhala ndi zinthu za mayina. Masiku ano ntchitoyi nthawi zina imachitikira m'kati mwa makina ena. Makampani monga WAGO ndi Beckhoff amapanga ma PLC odziwa BACnet, ndipo pulogalamu ya Niagara ya kampani ya Tridium imasonkhanitsa ma protocol ambiri pamalo amodzi. Koma kaya kumasuliraku kuchitikire kuti, pali ntchito imene makina sangadzichitire. Munthu ayenera kukhala pansi n'kulemba mzere ndi mzere: kabokosi ka 100 ka chipangizo nambala 5 ndi mphamvu ya magetsi a jenereta, agawidwe ndi 10, dzina lake likhale lakuti, alamu ilire akatsika kufika pakuti.

Pa mizere imeneyi m'pamene amisiri amagwa m'mbuna, ndipo mbunazo n'zodziwika. Yoyamba ndi kuphonya ndi kabokosi kamodzi. Timabuku tina timayamba kuwerenga pa 1, pomwe uthenga weniweni umayamba pa 0. Kabokosi kolembedwa 40001 m'buku, pa waya ndi ka nambala 0. Wosasamala amawerenga ka pafupi, n'kuona kutentha kwa madzi a injini pamalo pa mphamvu ya oyilo. Choopsa n'chakuti nambalayo imaoneka yomveka.

Yachiwiri ndi manambala a pansi pa 0. Chipinda chosungira nyama chili pa madigiri 18 pansi pa 0, ndipo chipangizo chimasunga muyezowo wochulukitsidwa ndi 10. Gateway ikapanda kuuzidwa kuti kabokosiko kangakhale ndi nambala ya pansi pa 0, imawerenga 65356, ndipo sikirini imaonetsa kuti mufiriji muli madigiri 6535.6. Yachitatu ndi manambala aakulu, monga mayunitsi onse amene mita yawerenga, omwe sakwana m'kabokosi kamodzi n'kugawidwa pawiri. Modbus sinanene kuti theka loyamba ndi liti, choncho kampani ina imayamba ndi lalikulu, ina ndi laling'ono.

Yachinayi ndiyo yobisika kuposa zonse. Waya wa Modbus akaduka, gateway yosakonzedwa bwino imapitiriza kuonetsa nambala imene inamva komaliza. Katemera wambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Sikirini ingamaonetse 5 usiku wonse, woyang'anira mtima uli m'malo, pomwe firiji inazima kalekale. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amaonetsetsa kuti kukhala chete kwa chipangizo kukusandutsidwa chizindikiro cha kuwonongeka ku mbali ya BACnet, ndipo amayesa pozula waya dala n'kuona ngati alamu yalira.

Wayayo nayenso ali ndi zofuna zake. Ayende mzere umodzi, osati nthambi zomwazikana. Kumapeto konse kuwiri kuikidwe kotsekera ka ma ohm 120 koletsa uthenga kubwerera ngati mkokomo. Asagone mumsewu umodzi ndi nthambo zikuluzikulu za mamota. Zipangizo zonse zigwirizane liwiro, kaya 9600 kapena 19200. Makampani samvananso pa zilembo A ndi B za mawaya awiri aja, moti nthawi zambiri mankhwala a chipangizo chosayankha ndi kungowasinthanitsa. Kumadera a mphezi zambiri m'nyengo ya dzinja, waya wa kopa wochoka nyumba ina kupita ina amatha kutenga moto wa mphezi n'kupsereza zipangizo mbali zonse ziwiri, choncho pakati pa nyumba amakonda kuika waya wa galasi woyenda kuwala, umene magetsi sadutsamo.

Mwini mawu omaliza

Kuwerenga kukatheka, mtima umafuna kulamulanso. Apa m'pofunika kudekha. Modbus ilibe makwerero a ulamuliro. Amene walemba komaliza m'kabokosi ndiye wamveka. Pa Modbus TCP makompyuta angapo angalembe m'kabokosi kamodzi. BMS ikati pampu izime chifukwa nthawi ya ntchito yatha, kompyuta ya fakitale n'kuti iyake chifukwa makina akadali otentha, pampuyo imayaka ndi kuzima mosalekeza mpaka mota itapsa. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Chinthu chilichonse cholamulidwa chikhale ndi wochilamula mmodzi, wolembedwa papepala ntchito isanayambe.

Lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi lakuti BMS imapempha, PLC ndiyo imagamula. BMS inganene kuti nyumba ikufuna madzi ozizira a madigiri 7. Koma ubongo wa chiller ndiwo umaona ngati madzi akuyenda m'mapaipi, ngati oyilo ali bwino, ngati padutsa mphindi zokwanira chizimire makinawo. Zikapanda kukwanira umakana, ndipo uyenera kukana. Zoteteza makina zimakhala pa makina pomwepo, kumene sizidalira netiweki.

Pamafunikanso kugwirizana zochita kulumikizana kukaduka. Njira yofala ndi yakuti BMS izisintha nambala ina yake m'kabokosi kapadera pakapita masekondi angapo alionse. PLC ikaona kuti nambalayo yaima, imadziwa kuti mnzake uja wasowa, n'kuyamba kutsata dongosolo lake losungira: pampu ya madzi akumwa ipitirire, boila itsike pa moto wochepa. Ndipo zokhudza moyo wa anthu sizisiyidwa m'manja mwa gateway. Alamu ya moto ikalira, lamulo lozimitsa mafani amene angafalitse utsi limayenda pa mawaya akeake olunjika. BMS imangouzidwa kuti zachitika.

Zonsezi zikakhala m'malo, phindu limaoneka pa bilu. Kuyendetsa nyumba kumadya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito pa dziko lapansi, ndipo gawo lalikulu limapita ku kutenthetsa ndi kuziziritsa. Fani ikatsitsidwa liwiro ndi 20 peresenti, magetsi amene imadya amatsika pafupifupi ndi theka. BMS ndiyo imadziwa kuti m'holo mwatsala anthu ochepa. Chosinthira liwiro la mota ndicho chingachedwetse faniyo. Popanda kumvana, fani imathamanga mofanana usana ndi usiku. Kumvanaku kumathandizanso kuona matenda a makina asanakule: pampu imene ikudya magetsi ochulukirapo mwezi ndi mwezi pa ntchito yomweyomweyo ikupempha kuti ionedwe.

Khomo lotseguka

Modbus ndi BACnet zinapangidwa nthawi imene makina ankakhala m'chipinda chokhoma, ndipo wofika pa waya anali wapakhomo. N'chifukwa chake nthawi zambiri zimagwira ntchito popanda mawu achinsinsi kapena kubisa uthenga. Aliyense wofika pa netiwekiyo angawerenge, angalamulenso. Pamene makinawa anayamba kulumikizidwa ku intaneti kuti amisiri aziwakonza ali kutali, khomo linatseguka.

Mu 2010 dziko linadziwa za Stuxnet, pulogalamu yoipa imene inalowa m'ma PLC a Siemens pa malo a nyukiliya a Natanz ku Iran n'kuwononga makina, oyang'anira akuonetsedwa kuti zonse zili bwino. Mu 2013 akuba analowa m'makompyuta a masitolo a Target ku America n'kuba manambala a makhadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni. Polowera anagwiritsa ntchito mawu achinsinsi obedwa kwa kampani yaing'ono yokonza makina oziziritsa imene inkagwira ntchito ndi masitolowo. Mu 2016, mumzinda wa Lappeenranta ku Finland, makompyuta oyang'anira zotenthetsa za nyumba ziwiri zogonamo anthu anapanikizidwa ndi mauthenga ochuluka a pa intaneti, n'kumangozima ndi kuyaka, zotenthetsazo n'kuima nyengo yozizira itayamba.

Gateway imalumikiza maiko awiri, motero ingakhalenso mlatho wa mbava. Chitetezo chake n'chodziwika: netiweki ya makina ikhale yosiyana ndi ya maofesi ndi ya alendo, pakati pa nyumba ndi fakitale padutse mauthenga okhawo amene analembedwa pa ndandanda, pamene kuwerenga kokha n'kokwanira, njira yolembera itsekedwe, mawu achinsinsi obwera ndi chipangizo asinthidwe tsiku loyamba. Ma protocol nawonso akusintha. Mu 2018 panatuluka mtundu wa Modbus wobisa mauthenga, ndipo mu 2019 panabwera BACnet/SC, imene imafuna kuti chipangizo chilichonse chionetse chiphaso chisanalankhule. OPC UA, yotchuka m'mafakitale atsopano, imanyamula mayina, miyezo ndi chitetezo pamodzi. MQTT, imene Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper anakonza mu 1999 poyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa setilaiti, tsopano imatumiza miyezo ya nyumba ku makompyuta akutali. Koma chiller kapena jenereta imakhala zaka 20 kapena kuposa, choncho zakale ndi zatsopano zikhala limodzi kwa nthawi yaitali.

Pepala lofunika kuposa kabokosi

Nyumba ikamalizidwa, kontirakita amapereka makiyi n'kupita. Patapita zaka zingapo gateway imapsa, kapena mita imasinthidwa ndi ya kampani ina. Kabokosi katsopano kangagulidwe n'kufika pa sabata zochepa. Chimene sichigulidwa m'sitolo ndi ndandanda ija ya mzere ndi mzere, yonena kuti nambala iyi ikutanthauza chiyani, ikuchokera kuti, ndipo woilamula ndani. Ikasowa, mmisiri watsopano amayamba kufufuza kabokosi kamodzikamodzi, ndipo eni nyumba ambiri amafooka n'kubwerera ku maswichi a pamanja, makina odula aja ali chikhalire.

Choncho aliyense wolandira nyumba yotere, kaya ndi bwana wa chipatala, mkulu wa hotela kapena injiniya wa fakitale, ali ndi zoyenera kuitanitsa asanasaine: ndandanda yonse ya mauthenga, timabuku ta ma register a chipangizo chilichonse, kope ya pulogalamu ya gateway ndi ya PLC, mawu achinsinsi, ndi umboni wakuti mzere uliwonse unayesedwa poyerekeza sikirini ndi makina enieniwo. Aitanitsenso kuti amisiri apamalopo aphunzitsidwe kuwerenga zonsezi. Newman ndi anzake anamenyera nkhondo kuti mwini nyumba asamangidwe ndi wogulitsa mmodzi, ndipo malamulo a Modbus ndi BACnet alidi poyera kwa aliyense wofuna kuwaphunzira. Koma ufulu umenewo umagwira ntchito pokhapokha mapepala ali mu ofesi ya mwini nyumba, ndipo pali munthu wapamalopo wotha kuwatsegula n'kukonza chimene chavuta.